Kwawo kwa mwana wa mtchona n'kuti?

Mlendo akafika pamudzi m'maboma a Mchinji ndi Kasungu, akalandiridwa katundu n'kupatsidwa pokhala, malonje sapita patali asanafunsidwe kuti, "Kodi kwanu n'kuti?" Wofunsayo sakhala akufuna dzina la tauni imene mlendoyo amagwirako ntchito kapena chipatala chimene anabadwira. Amafuna kumva dzina la mudzi, nyakwawa ya mudziwo, mfumu yaikulu ya deralo ndi mfunda wa munthuyo, kuti mwina apeze kachibale kena, ngakhale ka patali, komuuza ngati akulankhula ndi msuweni woti n'kuseka naye kapena mpongozi woyenera kumuopa. Boma nalonso linatengera kafunsidwe komweka, chifukwa pafupifupi fomu iliyonse yofunika, ya chiphaso cha unzika, ya pasipoti kapena ya kubanki, imakhala ndi mizere itatu yoti munthu alembepo mudzi, mfumu yaikulu ndi boma lakwawo. Ambirife timadzaza mizereyi osaganiza n'komwe. Koma munthu amene anabadwira ku Kadoma, ku Kitwe kapena ku Johannesburg, makolo ake ali ochokera kuno, amafika pa mizere itatuyi n'kuimitsa cholembera.

Anthu otere ndi ambiri, ndipo nkhani yawo ndi yakale kuposa ufulu wa dziko lino. Gwero lake ndi msonkho. Angerezi atalengeza ulamuliro wawo mu 1891, n'kugonjetsa Mwase Kasungu kumapeto kwa 1895 ndi Angoni a Mpezeni mu 1898, anafalitsa msonkho wa nyumba umene unkafuna ndalama m'midzi momwe munalibe pozipezera. Amuna anayamba kunyamuka wapansi, ena kulowera ku migodi ndi ku mafamu a Southern Rhodesia, kumene makolo athu ankangoti ku Halale, ena kupitirira mpaka ku migodi ya golide ya ku Joni, ndipo pambuyo pake enanso ku migodi ya kopa ya Northern Rhodesia. Njira zodziwika zinali zitatu. Ya Wenela inali ya kontrakiti ya ku migodi ya ku South Africa, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito kumeneko, mpaka pamene ndege yonyamula anthu obwerera kumudzi inagwa ku Francistown mu April 1974 n'kupha Amalawi oposa 70, Kamuzu n'kuimitsa ulendowo. Unayambiranso mu 1977 ndi dzina la TEBA, lomwe m'midzi linasanduka Theba, ndipo unatha mu 1988. Ya Mthandizi inkatengera anthu ku mafamu a ku Rhodesia. Yachitatu inali ya selefu, yoti munthu wadzinyamukira yekha popanda womulemba.

Kusiyana kwa njirazi n'kofunika pa nkhani ya ana. Wa Wenela ankagona m'komponi ya amuna okhaokha, gawo la malipiro ake linkasungidwa kuti akalandirire kumudzi, ndipo kontrakiti ikatha ankabwera ndi sutikesi yachitsulo, bulangeti ndi njinga. Amene ankakhalitsa ndi a selefu, pamodzi ndi a m'mafamu ndi m'migodi ya ku Rhodesia kumene munthu ankatha kukhala ndi banja. Iwowa ankakwatira komweko n'kubereka, makalata n'kuyamba kuchedwa, kenako n'kusiyiratu, ndipo kumudzi ankati uje anatchona. Mawu akuti mtchona ali ndi chisoni ndi chitonzo mkati mwake, koma amanena za bambo amene anachoka. Mwana wake, amene sanachoke kulikonse ndipo sanathawe aliyense, tilibe dzina lomutchulira, ndipo mwina n'chifukwa chake timangomuveka la bambo ake pamodzi ndi mlandu wake womwe.

Anthu a ku Kasungu alibe chifukwa chopitira patali pofuna chitsanzo cha zimene kukhalitsa kunja kumachita. Hastings Kamuzu Banda anachoka kwawo ali mnyamata cha m'ma 1915, atayamba sukulu ku Mtunthama ndi ku Chilanga, ndipo anayenda wapansi mpaka ku Hartley, kumene lero ndi Chegutu, n'kukagwira ntchito pachipatala asanapitirire ku migodi ya ku South Africa. Mu 1925 anawoloka nyanja kupita ku America, anamaliza maphunziro a udokotala ku Meharry mu 1937, anakawonjezera ku Edinburgh, anagwira ntchito ku Liverpool, ku North Shields ndi ku London, kenako ku Kumasi m'dziko la Ghana. Pamene ankatsika ndege pa Chileka pa 6 July 1958 anali atatha zaka zoposa 40 kunja, ndipo pamisonkhano ankalankhula Chingerezi, womasulira, amene ambiri amakumbukira John Msonthi, n'kumatembenuzira anthu m'chinenero chimene mtsogoleriyo anayamwira. Munthu yemweyo ndiye anachititsa kuti mu 1968 Chinyanja chitchedwe Chichewa n'kukhala chinenero cha dziko, ndipo ankakonda kudzudzula olankhula Chichewa chopotoka. Aliyense amene anakhalapo ndi munthu wokulira kunja sadabwa nazo, chifukwa amene chinthu chinamupulumukapo ndiye amachigwiritsitsa akachipezanso, nthawi zina mpaka kupweteka nacho anzake. Mphekesera imene inayenda zaka zambiri, yoti amene anabwerayo sanali Kamuzu weniweni wa ku Kasungu, ilibe umboni, koma imaonetsa mmene timamuonera munthu wobwera ndi lilime losintha, ngakhale atakhala mtsogoleri wa dziko.

Komabe Kamuzu anachoka atadziwa kale mudzi wake, amalume ake ndi njira ya kudambo. Mwana wobadwira pa famu ya ku Mashonaland kapena m'komponi ya mgodi wa ku Shamva analibe zimenezo. M'nyumba bambo ake ankalankhula Chinyanja, kusukulu ndi pabwalo la mpira kunali Chishona, kuntchito kwa bambo kunali Chilapalapa, chinenero chosakaniza cha m'migodi ndi m'mafamu, ndipo nsima ya tsiku ndi tsiku inali sadza. Dzina lake la Phiri kapena Banda linkamuulula aphunzitsi akangoyamba kuitana maina, ndipo anzake anali ndi maina omutchulira, monga manyasarandi, mabwidi, kapena mabhurandaya, kutanthauza anthu a ku Blantyre, ngakhale bambo ake atakhala a kwa Santhe amene Blantyre sanamuponde n'komwe. Chitonzo chopweteka kuposa zonse chinali choti ndi anthu opanda mutupo, ndiye kuti opanda mfunda, komanso opanda musha, mudzi wa makolo kumene Mshona amapita pa Khirisimasi ndi kumene amakaikidwa akamwalira. Mfunda anali nawo, kungoti sunkamveka m'makutu a eni dziko. Mudzi ndiwo analibedi, chifukwa nyumba inali ya kampani kapena ya mwini famu, ndipo ntchito ikatha nayonso yatha.

Makolo aja sanangokhala manja lende. Anapanga mabungwe a maliro osonkherana ndalama mwezi ndi mwezi kuti munthu wawo asaikidwe ngati wosowa abale. Anapempha abusa kumudzi, ndipo mu 1912 mishoni imene inadzabala sinodi ya Nkhoma inatumiza m'busa T.C.B. Vlok ku Salisbury, ntchito imene inakula mpaka kukhala sinodi ya Harare ya mpingo wa CCAP mu 1965. Ayao anamanga mizikiti m'makomponi. Achewa anatsegula madambwe kuseri kwa migodi ndi mafamu, ndipo Gule Wamkulu, amene Ashona amati zvigure, ankatuluka kumapeto kwa sabata ndi pa maliro. Kwa mwana wokulira pakati pa zimenezi gule anali chonyadira komanso chomulemetsa, popeza anzake a kusukulu ankaopa zilombo n'kumanena kuti Amalawi ndi anthu a mankhwala. Ena anabisa kwawo, kusintha dzina ndi kutenga mutupo wa mayi awo. Ena anatchuka ndi dzina lawo lomwelo, monga Benjani Mwaruwari, wobadwira ku Bulawayo kwa makolo ochokera kuno, amene anatsogolera timu ya dziko la Zimbabwe n'kusewera ku Portsmouth ndi ku Manchester City.

Chitonzo cha pabwalo la sukulu munthu amatha kuchizolowera, koma chikalowa m'malamulo chimafika mpaka pa mbale ya nsima. Pa ziphaso za anthu ambiri otere ku Zimbabwe pankalembedwa chilembo cha A, chosonyeza kuti ndi mlendo, ngakhale mwini chiphasocho sanatulukepo m'dzikomo chibadwire. Mu 2001 lamulo la unzika linasinthidwa, ndipo aliyense amene akanatha kukhala nzika ya dziko lina kudzera mwa makolo anauzidwa kuti akane unzika umenewo m'miyezi isanu ndi umodzi, apo ayi ataya wa Zimbabwe. Ndiye kuti wogwira ntchito pa famu, amene mwina sankadziwa kulemba, anayenera kupita ku Harare kukakana Umalawi umene sanakhalepo nawo. Ambiri sanathe, ndipo anataya mwayi wovota. Izi zinkachitika mafamu atayamba kulandidwa mu 2000, antchito n'kutsala opanda ntchito ndi nyumba yomwe, ndipo mu 2005 pamene boma linkagwetsa nyumba za m'matauni pa ntchito ya Murambatsvina, anthu ankauzidwa kuti abwerere kumidzi kwawo, mawu amene kwa mdzukulu wa mtchona analibe tanthauzo. Malamulo aakulu a 2013 anakonza zina, chifukwa amavomereza kuti wobadwira m'dzikomo malamulowo asanayambe kugwira ntchito, kwa kholo lochokera m'dziko la SADC, ndi nzika, koma kuti munthu apindule nazo ayenera kukhala ndi chikalata cha kubadwa, chimene mabanja ambiri a m'mafamu sanakhale nacho kwa mibadwo iwiri kapena itatu.

Ngakhale udindo waukulu sutchinjiriza munthu. Kenneth Kaunda anabadwira ku Lubwa m'boma la Chinsali mu 1924, bambo ake David Kaunda ali mphunzitsi ndi mlaliki wochokera ku Nyasaland. Analamulira Zambia kwa zaka 27, koma mu 1996 malamulo anasinthidwa kuti wopikisana pa upulezidenti akhale wa makolo obadwira m'dzikomo, ndipo mu 1999 khoti lalikulu ku Ndola linagamula kuti si nzika ya Zambia, chigamulo chimene chinadzachotsedwa pambuyo pake. Ngati zoterezi zinamugwera munthu amene nkhope yake inali pa ndalama, wodula nzimbe sangayembekezere chifundo choposa pamenepo.

Koma phata la nkhaniyi, limene malamulo a maboma saliona, lili pa funso loti mwana ndi wa yani. Pachichewa mwana ndi wa kuchikazi. Mudzi umamangidwa pa mbumba, ndiye kuti azilongo ndi ana awo, ndipo woyang'anira ndi mwini mbumba, mlongo wawo wamwamuna, amene kwa anawo ndi malume kapena mtsibweni. Iyeyu ndiye nkhoswe pa ukwati wawo, ndiye amawayankhira pa mlandu, ndiyenso amawalozera polima. Bambo pa chikamwini ndi wobwera, ndipo ngakhale pa chitengwa, pamene mkazi amatengedwa kupita kwa mwamuna, kwawo kwenikweni kwa ana kumakhalabe kwa mayi awo. Kwa Ashona, Andebele, Azulu ndi Axhosa zinthu n'zotembenuka, chifukwa mwamuna akalowola ana amakhala a kuchimuna, amatenga mfunda wa bambo, amalowa m'malo a bambo, ndipo kwa amayi ndi kokacheza.

Tsono taganizirani za mwamuna wa kwa Mavwere amene anakwatira mkazi wachishona n'kubereka naye. A kwa mkazi akuti mwanayu ndi wa kwa bambo ake, ku Malawi. A kwa mwamuna kuno akuti mwanayu ndi wa kwa mayi ake, ku Zimbabwe. Mbali zonse ziwiri zikunena zoona monga mwa mwambo wawo, ndipo palibe amene akuchita nkhanza mwadala, koma mwanayo watsala pakati, aliyense akumulozera kutsidya. Zikakhala kuti mkazi wa ku Kasungu ndiye wabereka ndi mwamuna wachizulu, mwanayo amalimbiranidwa, popeza mbali zonse zimati ndi wawo, ndipo vuto lake limakhala la kukokedwa. Amene anakwatira Mbemba ku Kitwe mwana wake sanasowe kwawo, chifukwa Abemba nawonso ndi a kuchikazi. M'madera a Angoni ku Mchinji ndi kumpoto kwa Kasungu, kumene mwambo wa kuchimuna uli ndi mphamvu, mwana wa mtchona amapezako poyambira. Koma popeza amene ankachoka anali amuna, ndipo ambiri a m'maboma awiriwa anali Achewa olowera kumwera, mwana wotsala pakati uja ndiye anachuluka.

Ndinaziona ndi maso zimenezi pamudzi wina kufupi ndi Kamwendo, patapita zaka zochepa mafamu atalandidwa ku Zimbabwe. Kunafika bambo wina wa zaka za m'ma 30, ali ndi chikwama chimodzi, chithunzi chofwifwa cha bambo ake atavala jekete, ndi envulopu yakale imene kumbuyo kwake kunalembedwa dzina la mudzi ndi la sukulu imene makalata ankadzera. Bambo akewo anapita ndi Mthandizi ali mnyamata ndipo anagona komweko. Mlongo wawo, gogo amene maso anali atayamba kuchita mdima, anagwira chithunzicho, kenako anasisita nkhope ya mlendoyo, n'kuyamba kubuma maliro amene uthenga wake unachedwa zaka khumi. "Mphumi iyi ndi ya achimwene," anatero gogoyo atatonthola. Tsiku limenelo kunafa nkhuku, ndipo mudzi wonse unabwera kudzaona mwana wa malemu.

Mlendo ndi mame, amatero akuluakulu, ndipo mwambiwu umanena za munthu amene achoke. Uyu sankachoka. Mvula itayandikira nkhani ya munda inabuka, ndipo mwini mbumba, mwana wa gogo uja, anamuitanira pakhonde. "Asuweni," anatero, "pano ndi pa atate anu, palibe amene angakuthamangitseni. Nsima mudya, pogona mupeza. Koma minda iyi ndi ya azilongo anga ndi ana awo, ine ndimangosunga." Mlendoyo anakhala chete kwa nthawi, kenako anayankha m'Chinyanja chake chosakaniza ndi Chishona kuti, "Nanga ine kwathu n'kupi? Kwa amayi anandiuza kuti ndine wa kuno." Ana a pamudzipo anali atatha masabata akumuyeseza mawu akuti kupi, koma tsiku limenelo palibe anaseka. Anagwirizana zomubwereka ndime ina kufupi ndi dambo kuti azilima chimanga ndi mtedza, koma anamuuza momveka kuti asabzalemo mango kapena bulugamu, chifukwa mtengo ndi mboni ya umwini. Sindinganene kuti mwini mbumbayo analakwa, popeza malo ku Mchinji anachepa kalekale, maesiteti anatenga gawo lalikulu, ndipo akanagawa munda wa mbumba azilongo ake akanamuimba mlandu wolondola.

Chinenero ndicho chimaonekera poyamba, ndipo ndi pamene timaweruzira molakwa kawirikawiri. Wokulira ku Zimbabwe ulemu amaudziwa, chifukwa Ashona nawonso amawomba m'manja ndipo ali ndi mawu aulemu oitanira wamkulu, kungoti lilime lake limamugulitsa. Wokulira ku Cape Town kapena ku Manchester ali ndi vuto lina limene ochepa amalizindikira. Chichewa chonse chimene anamva pa moyo wake ndi chimene makolo ankalankhula kwa iye, ndipo kholo kwa mwana limati iwe, bwera, khala pansi, tadya, usatero. Sanamvepo mwana akulankhula kwa wamkulu, choncho akafika pamaso pa agogo ake amatulutsa chomwe ali nacho n'kunena kuti, "Uli bwanji?" ataimirira, akuwayang'ana m'maso monga anamuphunzitsira kusukulu, n'kulandira mbale ndi dzanja limodzi. Iye wapereka mphatso yabwino koposa imene anali nayo, koma a pakhonde amva mwano. Ena amaseka, ndipo kuseka kumeneko ndiko kumatseka pakamwa pake mpaka tchuthi kutha, kenako n'kumati mwana wa uje ndi wodzimva, safuna kulankhula chakwawo. Pamaliro sadziwa pokhala amuna ndi pokhala akazi, sadziwa kuti adzukulu ndi yani ndi chifukwa chake amaloledwa kuchita nthabwala pamene ena akulira, ndipo m'mudzi wa gule mwamuna wosameta amaonedwa ngati mwana ngakhale atakhala ndi ndevu ndi digiri.

Ku Mchinji kuli umboni woti chimene chimapanga munthu kukhala mlendo si chipata cha boma. Malire a Malawi ndi Zambia anadula pakati pa anthu amodzi, ndipo Mchinji ndi Chipata, amene kale anali Fort Manning ndi Fort Jameson, ndi matauni oyandikana a mabanja okwatirana. Mwezi wa August Achewa a m'maiko atatu amakakumana ku Mkaika m'boma la Katete pa mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo mu February Angoni a kwa Zulu ndi kwa Mlonyeni amawoloka kupita ku Mtenguleni ku Ncwala ya Mpezeni. Mwana wokulira m'mudzi wa kutsidya kwa Mwami, ngakhale ali ndi chiphaso cha Zambia, akafika kwa amalume ake kuno sakhala mlendo, chifukwa mbumba, gule ndi maliro n'zimodzimodzi. Koma msuweni wake wokulira ku Lusaka, amene amati nifuna m'malo mwa ndikufuna ndi manje m'malo mwa tsopano, amamveka msanga kuti ndi wa m'tauni ya eni, ngakhale chinenero chake chili Chinyanja chomwecho.

Masiku ano ulendo waukulu ndi wa ku South Africa, ndipo tsopano akupita ndi akazi omwe, choncho ana obadwira kumeneko akuchuluka. Kubadwira m'dzikomo pakokha sikupereka unzika. Lamulo lawo limalola mwana wa alendo kupempha unzika akakwanitsa zaka 18, ngati anakhala m'dzikomo chibadwire ndipo kubadwa kwake kunalembetsedwa, koma kholo limene masiku ake a pa pasipoti anatha limaopa kuyandikira ofesi ya boma poganiza za ku Lindela, kumene amasungira anthu oti abwezedwe kwawo. Mu 2019 khoti la ku Makhanda linagamula kuti ana opanda zikalata asakanizidwe sukulu, zomwe zinathandiza, koma akamaliza sukuluyo ntchito yolembedwa, akaunti ya kubanki ndi maphunziro apamwamba zonse zimafuna nambala ya chiphaso. Anawa amakulanso akudziwa mawu akuti makwerekwere, dzina lachitonzo lotchulira alendo. Pa ziwawa za mu May 2008, zimene zinapha anthu 62, magulu ena ankaloza chigongono n'kufunsa munthu dzina lake m'Chizulu, wolephera kuyankha n'kuona zakuda, ndipo mu April 2015 boma la Malawi linachita kutumiza mabasi kukatenga anthu ake. Mwana amene anaona mayi ake akunong'ona Chichewa m'minibasi, kapena kuzimitsa foni ikalira kuchokera kumudzi, amaphunzira msanga kuti chinenerochi n'chobisa. Makolo ena pothawa zonsezi amatumiza mwana kwa agogo akafika poyamba sukulu, ndalama n'kumabwera pa Mukuru, mayi n'kumaoneka pa WhatsApp, ndipo mwanayo amapeza mudzi koma n'kutaya kholo.

Malamulo a kuno nawo ali ndi malire ake. Lamulo la unzika la 1966 limati wobadwira kunja ndi Mmalawi ngati bambo kapena mayi ake ali nzika yobadwira m'dziko muno, kutanthauza kuti chingwechi chimafika pa mwana koma chimavuta pa mdzukulu amene kholo lakenso linabadwira kunja. Kwa zaka zambiri unzika wa maiko awiri unali woletsedwa kwa akuluakulu, ndipo mwana wokhala ndi uwiri ankayenera kusankha umodzi akakwanitsa zaka 21, ngati kuti munthu angasankhe pakati pa bambo ndi mayi. Nyumba ya Malamulo inasintha zimenezi mu December 2018. Pa kalembera wa ziphaso za unzika wa 2017, amene analemba anthu oposa 9 miliyoni, munthu wopanda zikalata zina ankadalira kalata ya mfumu ndi mboni za m'mudzi. Apa lamulo la boma linabwereranso pakhonde pa nyakwawa, ndipo mwana wa mtchona anafunika munthu wamoyo amene akukumbukira bambo ake. Okumbukirawo akutha chaka ndi chaka.

Tisaiwalenso kuti zimene timadandaula za ana athu kunja timazichita kuno. Ku Dzaleka m'boma la Dowa, kumene kunatsegulidwa mu 1994, kuli anthu akuluakulu amene anabadwira pomwepo, olankhula Chichewa chosalala kuposa cha ana a m'mayadi a ku Lilongwe, koma timangowatchula onse kuti maburundi. M'maesiteti a fodya a ku Kasungu muli ana a matenanti ochokera ku Mulanje, ku Thyolo ndi ku Mangochi, obadwira pa esiteti ndi kukulira pa esiteti, amene tsiku limene mwini malo asiya kulima amamva mawu omwe aja akuti bwererani kwanu.

Bambo uja wa kufupi ndi Kamwendo sanabwerere ku Zimbabwe. Nyakwawa ya pamudzipo, imene inkaweta mbuzi limodzi ndi bambo ake, inamulembera kalata, ndipo pa mizere itatu ija analemba mudzi wa bambo akewo. Patapita zaka ziwiri anakwatira pamudzi woyandikana nawo n'kukalowa chikamwini, msuweni wake yemwe uja ndiye anaima ngati nkhoswe, popeza panalibe malume woti n'kumuitana. Ana ake akafunsidwa kwawo amatchula mudzi wa mayi awo mosazengereza, ndipo Chishona amadziwa mawu ochepa okha, amene amamva bambo awo akakwiya kapena akamaimba m'munda. Mango anabzala kuseri kwa nyumba ya mkazi wake. Gogo uja atamwalira, anakhala pakhomo la siwa masiku onse a maliro pamodzi ndi ana a malemu, ndipo pomwaza anthu nyakwawa inamutchula pakati pa oferedwa. Ndime ya kudambo ija anaibweza chaka chimene mwana wamkazi wa mlongo wa msuweni wake anakwatiwa n'kufuna polima.